Batani la Kunja

Lolemba, 13 Januwale

Kope latsopano. Ndizilemba zonse kuti tsiku lina ndisadzanamize anthu kuti ntchitoyi inali maitanidwe.

Kwazizira kupitirira lamulo, ndiye ana sanatuluke. Lamulo limati kuzizira kukatsika pansi pa ziro mwana asaponde pabwalo. Lamulo labwino ndithu. Amene analilemba ali ndi maofesi a zitseko zomwe amatsegula okha.

Ife ndife a Chipinda 9. Ana asanu ndi mmodzi, aliyense ndi dziko lake. Akuluakulu atatu: a Lorna aphunzitsi, Hodan ndi ine othandizira. Windo ndi limodzi, kumwamba kufupi ndi denga, ndipo silitseguka. Loko wa chitseko anamuika poti mwana sangafikire, chifukwa ena mwa athuwa akangoona mpata amaliyatsa liwiro. Ine anandipatsa Emmett, wa zaka zisanu ndi zitatu. Pakamwa sayankhula. Amayankhula ndi tabuleti yolendewera pachifuwa: akadina chithunzi, mawu amatuluka. Mawu ake ndi a bambo wina wofatsa, ngati wa kubanki pokuuza kuti pempho lako lakanidwa.

Lero bamboyo anali ndi liwu limodzi. Kunja. Ine, “Lero ayi, Emmett, kwazizira.” Kunja. “Ndamva, koma ayi.” Kunja. Kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Pofika masana ndinali kulimva ngakhale asanadine.

Ku yunivesite ndinataya zaka ndikulemba za azimayi akale a ku Ulaya omwe ankapempha okha kuti awamangirire m'kachipinda pambali pa tchalitchi, njerwa mpaka kudenga, kungosiya kawindo kolandirira chakudya. Tsiku londiyesa pulofesa wina anafunsa kuti kodi tingadziwe bwanji zomwe azimayiwo ankamva mumtima. Ndinayankha zambiri zosamveka. Akanabwera lero ndikanangomupatsa mpando.

Lachiwiri, 14 Januwale

Kwabwera a Brandt, katswiri wa khalidwe la ana wochokera kulikulu. Wachinyamata, ndevu zopesa, nsapato zoti sizinapondepo phala la mwana. Hodan amawatcha Mneneri, chifukwa amabwera, kulosera, n'kumapita.

Anakhala pakona ndi laputopu, kumaika kachizindikiro nthawi iliyonse E. (Emmett) akangoti kunja. Zala zitatopa anatiitana.

“Uku si kuyankhula ayi,” anatero. “Ndi chizolowezi chabe. Akadina inu mumayankha, ndiye amadinanso kuti muyankhenso. Mukuchidyetsa nokha.”

A Lorna anati, “Ndiye tizingomuyang'ana?”

“Batanilo tilibise kaye mpaka kunja kutafunda. Chinthu chomwe sitingamupatse tisamamuikire pamaso.”

A Lorna anayang'ana ine, anayang'ana wotchi, anayang'ana mwana wina, Priya, amene anali atavula sokosi n'kuiviika m'madzi a utoto. Mayi wophunzitsa ana athuwa kuyankhula, mwini wake wa nkhani za matabuleti, ali patchuthi cha uchembere mpaka Malichi. Wolowa m'malo mwake akuti akumufunabe. Adzapezeka mwana wobadwayo akuyamba sukulu.

“Tiyese,” a Lorna anatero, mwa mawu a munthu amene sanagone bwino chiyambire Seputembala.

E. ali kosamba m'manja ndi Hodan, Mneneri anatenga tabuleti, kudina apa ndi apo, basi. Pomwe panali chithunzi cha mtengo ndi dzuwa pangotsala kabokosi kotuwa.

E. atabwera anadina pomwepo. Zii. Anadinanso. Anaitembenuza tabuleti kuona kumbuyo, ngati mawu agwera kuseri. Kenako anandiyang'ana m'maso, chinthu chomwe sachitachita. Ine ndinayamba kukonza timabisiketi ta tinsomba m'mbale ngati ntchito yofunika digiri.

Zoti ndisauze munthu: masana ano kunali bata lokoma. Mutu unasiya kuwawa. Khofi ndinamwa akadali wotentha.

Poweruka Hodan akupala chipale pagalasi la galimoto yake anati, “Iwe Maren, kwathu wodwala akamalira mwendo sitimudula lilime.” Ndinamuuza kuti kuno ndi kotukuka, timayamba talemba pa laputopu.

Lachitatu, 15 Januwale

M'mawa wonse phee. E. anasanja zithunzi za nyama, anadina “bisiketi” kawiri, kenako sanadinenso kanthu. A Lorna anati mwina zikugwira.

Nthawi ya nkhomaliro chitseko chinatseguka kuti ngolo ya chakudya ilowe. Ngolo inalowa, Emmett anatuluka. Sindinaone n'komwe pomwe anadzambatukira. Ndinangoona mpando uli gada, ine liwiro mukolido, kawailesi kolumikizirana, wokitoki, kakundimenya m'chiuno.

Tili ndi mawu obisika oti tizinena pa wokitoki mwana akathawa, kuti ana ena asachite mantha. Timati, “Phukusi lapita ku holo.” Mawu obisikawa palibe mwana pasukulu pano amene sawadziwa. Kamtsikana ka giredi 1 kanali pamzere wa kuchimbudzi kanandilozera mwaulemu, “Phukusi lanu lalowera uko.”

Ndinamugwirira pa chitseko cha pafupi ndi holo yamasewera, dzanja lake lili kale pa chitsulo chotsegulira. Kuseri kwa chitseko chimenecho ndi poimika magalimoto, kupitirira apo msewu waukulu womwe mumadutsa malole a mitengo. Pamenepo sindiseka.

Ahedi anabwera ali wefuwefu. Atapuma anauza a Lorna chapansipansi, ine ndili pomwepo ngati mpando, kuti zikapitirira tiyenera kukambirana za malo omuyenera. Malo omuyenera ndi dzina laulemu la sukulu yapadera ya m'tauni ina, ola lathunthu pa basi, mpanda wautali, zitseko zotsegula ndi makadi. Amene wapita kumeneko sindinamvepo kuti wabwerera.

Panopa E. amabwera wapansi ndi mlongo wake Josie wa giredi 4. Amamugwira lamba wa chikwama mpaka pakhomo pathu, n'kumuuza kuti, “Usavute, wamva?” ngati mayi wa ana asanu. Poweruka amamupeza pomwepo. Ndi njira yokhayo yomwe E. amayenda osagwidwa dzanja ndi munthu wolipidwa.

Lipoti ndalemba. Pa funso lakuti chinachitika n'chiyani mwana asanathawe, ndalemba kuti ngolo inalowa.

Lachinayi, 16 Januwale

Kuchimbudzi ndapita ana ataweruka. Digiri yachiwiri, mayi inu.

Lachisanu, 17 Januwale

Wathawanso. Ulendo uno anadikira kuti Hodan atuluke ndi Priya, n'kudutsa pansi pa mkono wake ngati nsomba. Anafika pachitseko chija ine ndisanafike, anakankha, alamu inalira sukulu yonse. Ndinamukumbatira kumbuyo n'kumukokera mkati. Anandiluma pamkono. Timavala nsalu zokhuthala m'mikono zotiteteza ku mano, komabe pasanduka pa buluu.

Ndikakumbukira bwino, anali ataima kale ndisanamugwire. Chitseko chili pululu, iye njo, osapita patsogolo. Kapena ndikungofuna kuti zikhale choncho. Pa lipoti pali malo a “anathawa”, “anamenya”, “analuma”. A “anaima” palibe.

Zotsatira zake ziwiri. Choyamba, msonkhano Lachinayi likudzali, amayi ake aitanidwa, Mneneri adzabwera ndi manambala. Chachiwiri, kuyambira lero ndizikhala utali wa mkono kuchokera kwa Emmett nthawi zonse. Akaima ndiime. Akakhala ndikhale. Akalowa pansi pa tebulo, ahedi sananene, koma ndinalowa.

Pansi pa tebulopo tinakhala nthawi yaitali, iye kuyang'ana mwendo wa tebulo, ine kuwerenga zomwe ana a zaka zapitazo analemba kunsi kwa thabwa. Wina analemba dzina lake molondola. A Lorna akanadziwa akanalira ndi chimwemwe.

Tabuleti sanaikhudze tsiku lonse. Ngakhale “bisiketi”. Ndinamuikira timabisiketi pamaso, ndinamulozera batani, anangotembenukira kukhoma. Bambo wa kubanki wasiya ntchito.

Hodan anandibweretsera samusa pansi pa tebulo pomwepo. “Alendo a m'chipinda chapansi, chakudya chafika. Mukatuluka liti?”

“Akatimasula.”

“Wamangidwa ndani pa awirinu?”

Ndinamuuza kuti afunse kulikulu.

Loweruka, 18 Januwale

Galimoto yakana kulira. Batire lafa ndi kuzizira. Ndakhala m'nyumba tsiku lonse, windo lachita chipale mkati momwe.

Amayi anaimba kuchokera ku Tucson, kotentha kuja, akuti akhala pakhonde avala malaya opanda manja. “Ukadali kosamalira ana kuja?” Ndinati eya. “Nanga za mabuku zija?” Ndinati ndikuchita kafukufuku wa pamalo. Anasangalala.

Ndadzipeza ndikuyenda kuchoka kukhitchini kupita kuchipinda ndikuyang'ana kumbuyo ngati wina akunditsatira bwino.

Lolemba, 20 Januwale

Tchuthi. Mkono wachoka pa buluu, wafika pa chikasu.

Lachiwiri, 21 Januwale

Sukulu atseka, akuti kuzizira kwa lero khungu likhoza kuuma munthu akudikira basi. Wapafupi wandidzutsira galimoto ndi zingwe zake, n'kundilalikira za mabatire mpaka ndevu zake zinachita mbuu. Ndinamvetsera. Ndi munthu woyamba kundiyankhula za chinthu chomwe chimakonzeka.

Lachitatu, 22 Januwale

M'mawa ana asanafike ndinapempha a Lorna kuti batani lija libwerere.

“Ukuganiza kuti sindinaganize?” anatero. “Nambala yotsegulira tabuleti ali nayo ndi a Brandt. Ndinawalembera. Akuti tikasintha dongosolo pakati, manambala asokonekera, msonkhano usowa poyambira.”

“Ndiye mwana adikire manambala.”

“Maren, ndili ndi ana asanu ndi mmodzi ndi msana umodzi. Mawa ukanene wekha.”

Sanakalipe. Anali kumata zithunzi za ndondomeko ya tsiku pakhoma, chithunzi cha bwalo lamasewera anachiika m'thumba la juzi, poti lero sichigwiranso ntchito.

E. sanathawe lero, chifukwa mpata panalibe. Ndinali pa iye ngati nkhupakupa. Koma chapakati pa m'mawa anapita pomwe timapachika majekete, anatenga chipewa chake chokha, anavala, n'kukakhala pansi moyang'ana chitseko. Jekete ayi, majombo ayi. Chipewa basi. Ine pambali pake, utali wa mkono. Tinakhala ngati anthu awiri odikira basi yomwe inasiya kuyenda kalekale.

Ndinayesa kumuuza ndi pakamwa, “Ndikudziwa, ukufuna kunja.” Sanatembenuke. Mwina mawuwo akachoka kwa ine si ake.

Poweruka Josie anandifunsa osandiyang'ana, akumanga zipi ya jekete ya mchimwene wake, “Akumusamutsa?” Ndinati akuluakulu akambirana mawa. Anati, “Ndiye kuti eya.” Mwana ameneyu adzafika patali, akadzapewa maphunziro apamwamba.

Azimayi anga a m'makoma aja, mwambo wowatsekera unkakhala ngati wa maliro, wansembe kuwapempherera ngati akufa. Koma iwo ankavomera okha. Mfundo imeneyi ndinailembera mutu wathunthu.

Lachinayi, 23 Januwale

Msonkhano. Akuluakulu asanu ndi awiri kuzungulira tebulo, mabotolo a madzi, bokosi la madonati lomwe aliyense ankaliopa. Amayi a Emmett, a Shawna, anabwera ndi yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba komwe amagwira ntchito, jekete osavula, makiyi m'manja.

Mneneri anaonetsa mizere iwiri pakhoma. Woyamba, kudina “kunja”: unali pamwamba, wagwa mpaka pansi. Anati apa dongosolo lagwira bwino kwambiri. Wachiwiri, kuthawa: unali pansi, wakwera. Anati ili ndi vuto latsopano lofunika malo okhala ndi chitetezo chokwanira. Mizere iwiriyo inadutsana pakati ngati sizasi, tsiku lomwelo, ndipo tonse ophunzira tinaiyang'ana mwaulemu.

A Shawna anati, “Pepani, bambo. Wasiya bwanji kunena kunja? Kunyumba ndiye nyimbo yake.”

Tabuleti ya kusukulu imagona kusukulu, pa chaja. Kunyumba ali ndi yakeyake yakale yosweka galasi. Ndiye kuti mayiwa sankadziwa. Kalata inapita, koma inati “tasintha zina pa chipangizo pofuna kuchepetsa kubwerezabwereza”. Ndinaiona. Inalembedwa bwino zedi.

Ahedi anayamba kuwerenga zolembedwa pa botolo la madzi. A Lorna anandiponda phazi pansi pa tebulo, sindikudziwa ngati kunali kundiletsa kapena kundikankha.

Ndinati, “Batanilo tinalichotsa, mayi. Lachiwiri la sabata yatha.”

“Munalichotsa.”

“Eya. Poti sitikanatha kumutulutsa.”

Anaika makiyi patebulo pang'onopang'ono. “Ndani anati akufuna kutuluka? Nyengo ino? Mwana wanga si chitsiru. Akadina kunja, ndimatsegula chitseko cha kukhitchini. Amasuzumira, mphepo imamumenya kumaso, amatseka yekha. Mwina kawiri pa tsiku, mwina kakhumi. Gasi wotenthetsera nyumba amandithera, koma ndi gasi wanga.” Anatiyang'ana mmodzimmodzi. “Amangofuna kuona ngati kunja kukadalipo.”

Akale anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Ife tinazula nsatsi yonse n'kulemba lipoti.

Ndinene zoona, a Brandt sanadziteteze. Anafiira makutu, anatseka laputopu, anati, “Funso limeneli ndikanakufunsani poyamba.” Koma anawonjezera kuti kunyumba kuseri kwa chitseko kuli bwalo la mpanda, kuno kuli malole, ndipo kuluma kwachitika, alamu yalira, zimenezo sizifufutika. Apanso sananame.

Kenako ahedi anakumbutsa kuti lamulo silola mwana kunja kukazizira chonchi. A Lorna anafunsa ngati pakhomo ndi kunja. Abale, tinakambirana. Wina anati mutu ukatuluka koma mapazi ali mkati, mwana ali mkati. Wina anati zitengera mphepo ikulowera kuti. Mayi wina wa kulikulu anafufuza m'buku la malamulo pa foni. Ndinamva ngati ndabwerera ku yunivesite, mpaka ndinatenga donati.

Chigamulo: batani libwerere. Akadina, ndipite naye ku chitseko cha ku holo, alamu azimitse, chitseko chitseguke. Malire ndi mphasa ya labala yopukutira nsapato. Akangoidutsa n'kuthamangira ku magalimoto, kamodzi kokha, mapepala a sukulu ya mpanda ija asainidwa, osakhalanso msonkhano wina. A Shawna anavomera nkhope ili gwa.

Mukolido anandigwira pamkono, pa chikasu pomwe.

“Ndinu mumakhala naye?”

“Ndine.”

“Musakamugwire. Mukamugwira ndiye amathamanga. Manja anu akakhale kwanu.”

“Andiuza kuti ndizikhala utali wa mkono.”

“Khalani. Koma mkonowo usatambasuke.”

Anapita akuthamangira okalamba awo. Ine ndatsala ndi malangizo awiri, ndipo onse akuchokera kwa anthu omwe mawa sadzakhalapo pachitsekopo.

Lachisanu, 24 Januwale

Mtengo ndi dzuwa zabwerera pamalo pake. A Brandt anabwera okha m'mamawa kudzabwezera, anasiyanso nambala yotsegulira kwa a Lorna. Hodan akuti Mneneri walapa, tiphe mbuzi.

E. analiona batanilo atangovala tabuleti. Sanalikhudze. Anasanja nyama zake, anadya, anapita kosamba m'manja, diso likubwerera pomwepo ngati munthu woona mnzake amene anamuthawa pa mavuto. Ine ndinadikira m'mawa wonse. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tachedwa, mwina bambo wa kubanki sabweranso.

Itatha nkhomaliro, Priya akuimba nyimbo yake ya liwu limodzi, ndinamva pambali panga.

“Kunja.”

A Lorna anasiya lumo m'mwamba. Ine ndinati, “Chabwino, Emmett. Tiye tikaone.”

Anandiyang'ana kaye ngati ndanama. Kenako anakatenga chipewa. Ndinamuveka jekete ndi majombo, sanakane. A Lorna anatsegula loko wa pamwamba uja n'kunena pa wokitoki kuti phukusi likupita ku holo, koma loperekezedwa. Hodan anali atazungulira kale panja, ataima pakati pa magalimoto miyendo tang'a ngati goloboyi, mpango mpaka m'maso.

Mukolido sanathamange. Anayenda mofulumira, ine pambali. A Tuomi osamalira pasukulu anali pachitseko ndi kiyi wa alamu, anangogwedeza mutu n'kusuntha.

Anakankha yekha.

Kuzizira kunalowa ngati mbama. Mphuno zinamatana mkati, maso anatuluka misozi yomwe inauma pomwepo. Kuwala kwake, chipale mbee mpaka kumsewu, thambo lobiriwira loti ndinali nditaiwala kuti limakhalapo masana. Lole ya mitengo inadutsa, nthaka inanjenjemera.

Emmett anafika kumapeto kwa mphasa. Jombo imodzi inadutsa, inaponda chipale, chinalira kuti kwee. Dzanja langa linatuluka lokha m'thumba. Ndinaliona likupita ku kolala ya jekete yake ngati la munthu wina. Ndinalibweza. Ndinalilowetsa m'thumba n'kugwira nsalu ya mkati mpaka zikhadabo kuwawa. Hodan uko anawerama kukonzeka.

Iye anakweza nkhope, anatseka maso, anatsegula pakamwa. Mpweya wake unakwera ngati utsi. Anaupuma kangapo, akuuyang'ana ukupita. Jombo ija sinasunthe, inzake sinatsatire.

Kenako anavula golovesi ndi mano, anafufuza pa tabuleti, anadina batani lomwe chiyambireni ntchitoyi ine sindinalimvepo.

“Mkati,” anatero bambo wa kubanki.

Anabweza phazi, anatembenuka, anayamba kubwerera mukolido. Anayenda ndithu kangapo asanazindikire kuti palibe akumutsatira.

Ine ndinali ndikadali pamphasa. Sindikudziwa chinandigwira. Nkhope inali itachita dzanzi, makutu akupsa, a Tuomi akutsokomola mwaulemu kuti kutentha kwa sukulu kukuthawa, koma miyendo inakana.

Anabwerera. Anandigwira mkono wa juzi, pa chikasu paja, mofatsa. “Mkati.”

Ndinati, “Pang'ono pokha, Emmett.”

Anandisiya. Anaima pambali panga, utali wa mkono, kundiyang'anira kuti ndisathawe.